Mamita 100 a ku Chembe: ndondomeko ya paki ikamaunikidwanso, msodzi akhale pafupi

Ku Luwani, m'boma la Neno, kulibe gombe ngakhale thandala. Dzina la malowa ambiri amalidziwa chifukwa cha kampu ya othawa nkhondo a ku Mozambique, ija idatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016 anthu a ku Tete atayambanso kuthawira kuno. Koma taonani ndiwo zimene amayi a kumeneko amagula pamsika: usipa wouma, bonya, mwina utaka wowamba, zobwera m'masaka kudzera pa Zalewa. Mtsinje wa Shire, umene umalekanitsa Neno ndi Blantyre, ndi khomo lokhalo lotulukira madzi a nyanja ya Malawi. Choncho zimene akuluakulu amagwirizana ku Monkey Bay ndi ku Lilongwe zokhudza malo oletsedwa kuphako nsomba zimakafika mpaka m'mbale ya mwana wa ku Luwani, ngakhale iye nyanjayo sanaionepo.

Kwa inu okhala m'mphepete mwa nyanja nkhaniyi ndi ya pakhomo penipeni. Ndondomeko yoyendetsera paki ya Lake Malawi National Park idalembedwa kuti igwire ntchito kuyambira 2019 mpaka 2024. Zaka zimenezo zatha. Ndondomeko ikafika kumapeto imayenera kuunikidwa ndi kulembedwanso, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe msodzi, mayi wowamba nsomba ndi mlimi wa m'mbali mwa phiri angathe kusinthitsa mawu a m'chikalatacho. Chikasainidwa, kwatsala n'kumvera basi.

Mzere wosaoneka ndi maso

Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94. Ambiri mwa malowa ndi mapiri a ku Nankumba ndi zilumba monga Domwe, Thumbi, Mumbo, Boadzulu ndi zilumba za Maleri kufupi ndi Salima. Gawo la m'madzi ndi laling'ono kwambiri: mamita 100 okha kuchokera pagombe la paki kapena la chilumba. M'kati mwa mamita amenewo simuloledwa kuponya ukonde, matchera kapena mbedza.

Chifukwa chake ndi mbuna. Tinsomba tamawangamawanga timeneti timakhala m'miyala, ndipo tambiri sitiwoloka mchenga kapena madzi akuya kupita ku miyala ina. N'chifukwa chake mtundu wa mbuna wopezeka pa chilumba chimodzi ukhoza kusowa kwina kulikonse padziko lapansi. Mukaumaliza pamenepo, mwaumaliziratu. Azungu amene amadzaza malo ogona ku Cape Maclear amabwerera timbuna timeneti, ndipo anyamata ambiri a ku Chembe amadya chifukwa chowayendetsa pa boti.

Pamene pakiyi inkakhazikitsidwa, boma silidasamutse midzi imene idali kale m'deralo. Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale idatsala m'kati, itazunguliridwa ndi paki kumtunda ndi nyanja kumunsi. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mudzi wa Chembe wokha lero uli ndi anthu oposa 10,000, ndipo Msaka ndi limodzi mwa madooko akuluakulu a usipa kumwera kwa nyanja. Malire a midzi ndi omwe aja a 1980, mapiri ndi omwe aja, koma pakamwa pofuna chakudya pachuluka, mabwato achuluka, nyali za kauni usiku zikuoneka ngati tauni ya pamadzi.

Ndiye mzere wa mamita 100 uja uli pati kwenikweni? Pamtunda malire amaikidwa mwala kapena mpanda. Pamadzi, ngati palibe zoyandama zosonyeza malire, msodzi amayeza ndi diso, msilikali wa paki nayenso amayeza ndi diso, ndipo maso awiriwa sagwirizana kawirikawiri, makamaka usiku mwera ukamakankha bwato. Ukonde wa chilimira ukalandidwa, wataya si mwini yekha ayi. Alovi onse amene amaukoka abwerera kunyumba chimanjamanja, amayi amene amadikira pagombe ndi mabeseni nawonso abwerera opanda kanthu.

Zimene ndondomeko zakale sizidaone

Ndondomeko ina ya pakiyi idali ya 2007 mpaka 2011. Zaka zake zitatha, padapita nthawi yaitali isanalowedwe m'malo. M'kati mwa nthawi yodikirayo, mu 2011, boma lidapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream Petroleum chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Olemba ndondomeko ya 2007 sakadalota za mafuta. Mu 2014 akatswiri a UNESCO ndi IUCN adabwera kudzaona okha, ndipo china mwa zimene adapempha ndi chakuti ndondomeko ilembedwenso. Ya 2019 ija idabadwa motero.

Nayonso idakumana ndi zake. Bungwe la Southern Region Water Board litafuna kumanga thanki ya madzi pa phiri la Nkhudzi, lomwe lili m'kati mwa paki, padabuka mkangano waukulu mpaka kukafika kukhoti. Mbali ina inkati phirilo ndi lotetezedwa ndipo matope a ntchito yomangayo akatsikira m'miyala ya mbuna. Mbali ina inkati anthu a m'midzi ya ku Mangochi akumwa madzi a m'nyanja osathira mankhwala, ana akudwala, ng'ona zikugwira amayi potunga. Ine ndikuona kuti mbali zonse zidali ndi mfundo, ndipo mkanganowo ukadachepa chikalata cha paki chikadanena poyera kuti chitukuko chotere chingamangidwe pati, motani, ndipo afunsidwe ndani.

Kenako madzi adakwera. M'zaka za 2023 ndi 2024, makamaka pambuyo pa namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, nyanja idadzadza mpaka kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Magombe ena adamira onse, mathandala n'kukwezedwa kumtunda. Tsopano dzifunseni: ngati gombe lasuntha, mamita 100 aja tiyambira pati kuwerenga? Pomwe madzi adali kale kapena pomwe afika lero? Funso looneka ngati lachibwana limeneli ndi lomwe limasiyanitsa msodzi wosalakwa ndi wolipitsidwa chindapusa.

Apa m'pomwe anthu a ku Neno ndi a kunyanja amakumana maso ndi maso. Kuchuluka kwa madzi otuluka m'nyanja kumayendetsedwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe idamangidwa mu 1965. Anthu a ku Mangochi nyumba zikamira amafuula kuti zitseko zitsegulidwe. Koma madzi omwewo amakadutsa pa Nkula ndi Tedzani, pomwe pamapangidwa magetsi a dziko lino, kenako Kapichira, n'kukathera ku Chikwawa ndi Nsanje komwe akasefukira amakokolola midzi. Bungwe la National Water Resources Authority ndi lomwe limasenza mtolo woganizira mbali zonsezi. Ndipo tisaiwale kuti nyanjayi imatha kuchitanso zosiyana nazo: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 idatsika kwambiri moti Shire adaleka kutulutsa madzi a m'nyanja. Ndondomeko yolembedwa ngati kuti gombe silisuntha yanama kale isanasainidwe.

Malombe: phunziro lowawa

Amene akufuna kudziwa mtengo wa kuchedwa kusintha malamulo apite ku Malombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanjayi inkatulutsa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Patangopita zaka khumi chambo chidatsika osafikanso ngakhale matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha zidakokolola kasawala, zidazula udzu wa pansi pa madzi, zidafafaniza zisa zimene chambo chachimuna chimakumba mumchenga. Paja chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye mukachigwira m'nyengo yoswana mwapha banja lonse kamodzi. Asodzi adatembenukira ku kambuzi, naye kambuziyo adayamba kuchepa.

Mu 1993 boma lidavomereza kuti palokha silingathe, ndipo ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kudayamba dongosolo logwirira ntchito limodzi ndi asodzi. Ma BVC amene lero ali pa dooko lililonse adayambira kumeneko. Padagwirizanidwa zakuti maso a nkacha asachepere mamilimita 19, padaikidwa nyengo yotseka, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la za usodzi lomwe lidapatsa makomiti a asodzi malo m'malamulo a dziko.

Chambo sichidabwerere monga kale, ndipo zifukwa zake asodzi a ku Malombe amazidziwa bwino kuposa aliyense. M'makomiti ambiri mudalowa anthu osapita panyanja, pomwe eni maukonde ndi alovi, amene malamulowo amawaluma, adali ochepa. Mafumu ena ndi makomiti ankalimbirana mphamvu, makamaka pa nkhani ya chindapusa ndi ya asodzi obwera amene amapereka kangachepe kuti aloledwe pa dooko. Ndalama za mabungwe akunja zitatha, maulendo olondera nawo adachepa. Zonsezi zidaoneka msanga, koma dongosololo lidapitirira zaka zambiri osakonzedwa mozama.

Mu 2018 bungwe la IUCN litaunikanso nsomba za m'nyanja ya Malawi, lidaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ntchila, imene agogo athu ankaidya osaiwerengera, achinyamata ambiri lero sangaizindikire itaikidwa pa mbale. Zoposa theka la nsomba zimene zikuphedwa m'dziko muno tsopano ndi usipa. Usipa umakula msanga, moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, umayenda pakati pa nyanja, ndipo suusamala mzere wa mamita 100. Nyengo yotseka makoka ya pa 1 Novembala mpaka 31 Disembala, komanso lamulo loletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, zidapangidwira chambo. Nanga nsomba imene ikudyetsa dziko lero, kuphatikizapo a ku Luwani aja, ikutetezedwa ndi chiyani? Nalo funso loyenera kulowa m'chipinda chounikiramo.

Mbenji: ndondomeko younikidwa chaka ndi chaka

Ku Salima, m'dera la Senior Chief Makanjira, kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya dzinja, cha mu Disembala, n'kutsegulidwa cha mu Epulo. Chikatsekedwa aliyense amachokako. Chikatsegulidwa pali malamulo ake okhwima: mowa ayi, chamba ayi, njuga ayi, maukonde a maso ang'onoang'ono ayi, ndipo amayi saloledwa kupitako. Lamulo lomalizali ena amalidandaula, poti amayi ndiwo amagula ndi kuyanika nsomba zambiri, ndipo ndi nkhani yoyenera kukambidwa mwaulemu ndi eni ake. Koma za utaka wa ku Mbenji palibe amatsutsa. Ofufuza a ku Mzuzu University pamodzi ndi anzawo a ku Strathclyde ku Scotland adayerekeza nsomba za kumeneko ndi za madooko ena, n'kupeza kuti za ku Mbenji n'zazikulupo.

Chimene chimandisangalatsa ku Mbenji si kukhwima kwa malamulo kokha. Chaka chilichonse pamakhala mwambo wotseka ndi wotsegula, pomwe mfumu, komiti, asodzi ndi alangizi a boma amakumana pagulu. Malamulo amanenedwa pakamwa, m'chilankhulo chimene aliyense akumva, wolakwa amadziwika, ndipo chida chatsopano chikatulukira panyanja amachikambirana nthawi yomweyo. Kumeneko ndiye kuunikanso ndondomeko, kungoti sikuchitikira mu hotela. Chikalata cha paki chimadikira zaka zisanu, chimalembedwa m'Chingerezi, ndipo ndi angati ku Mvunguti kapena ku Zambo adachigwirapo m'manja?

Sindikunena kuti Chembe asanduke Mbenji. Ku Mbenji anthu sakhalako chaka chonse, mfumu ndi imodzi, chilumba n'chosavuta kulondera. Ku Nankumba kuli midzi yokhazikika, kuli alendo, kuli nthambi ya za mapaki ndi nthambi ya za usodzi, iliyonse ndi lamulo lake ndi yunifolomu yake. Koma msonkhano wa pagombe wa chaka ndi chaka, woti nkhani za paki zizinenedwa poyera, sufuna ndalama za mabungwe akunja.

Anzathu a ku Pemba, ku Zanzibar, ali ndi chitsanzo chimene owerenga tsamba lino angachimve msanga. Chilumba cha Misali chidakhala malo otetezedwa mu 1998, koma asodzi ena sadaleke kuphera nsomba ndi mabomba ndi zida zowononga ngakhale boma linkaletsa. Zinthu zidayamba kusintha pamene mashehe ndi aphunzitsi a madrasa adalowetsedwa m'ntchitoyi, n'kumaphunzitsa za udindo wa munthu pa zolengedwa kuchokera m'chipembedzo chimene asodziwo adali nacho kale. Mu 2005 Misali adalowetsedwa m'dera lalikulu lotetezedwa la Pemba Channel. Kuno kwathu, kuyambira Makanjira wa ku Mangochi mpaka Nkhotakota, palibe msonkhano umasonkhanitsa asodzi ambiri kuposa Jumu'ah. Olemba ndondomeko akamalemba mayina a oyenera kufunsidwa, mashehe asamakumbukiridwe pa dua yotsegulira yokha.

Nkhuni, ndalama za pageti ndi matope

Misonkhano ya usodzi imakonda kudzadza abambo, koma mbali yaikulu ya pakiyi ndi mtunda, ndipo amene amakumana ndi asilikali a paki kumtundako ndi amayi. Amayi a m'midzi ya m'kati mwa paki amaloledwa kutola nkhuni zouma ndi chilolezo. Nkhuni zimenezo ndi zophikira komanso zowambira kampango, mlamba ndi utaka. Mtunda woyenda kukazipeza ukutalika chaka ndi chaka. Ku Msaka ndi madooko ena kudayesedwa matenti oyanikira nsomba ndi dzuwa komanso mauvuni osatha nkhuni. Ngati zidathandiza, ndondomeko yatsopano inene kuti zichulukitsidwa bwanji. Ngati zidagwa, amayi amene ankazigwiritsa ntchito ndiwo angafotokoze chimene chidavuta, kaya ndi mtengo wa pulasitiki, kaya ndi mkangano wa mwini tenti.

Pali nkhaninso ya ndalama. Gawo la ndalama zimene alendo amalipira polowa m'paki limayenera kubwerera kumidzi kudzera ku bungwe la Mangochi Salima Lake Park Association. Mudzi uliwonse uli ndi ufulu wofunsa kuti m'zaka za 2019 mpaka 2024 zidalowa zingati, zidagawidwa bwanji, zidamanga chiyani. Kufunsa si kunyoza. Munthu amene akuona mjigo kapena chipinda cha sukulu chochokera ku mbuna savuta kumuuza kuti asaponye ukonde pa Thumbi.

Alimi musaganize kuti izi ndi za asodzi okha. Matope otsika m'minda ya m'mapiri amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere, amakwiriranso mchenga umene chambo chimaswerapo. Mabango ndi udzu wa m'mphepete, momwe kasawala amabisala, tikuzidula kuti tipeze dimba kapena gombe loyera la alendo. Anthu a ku Neno vutoli amalidziwa mbali yake ina: mitengo imene yapita m'matumba a makala a pa Zalewa yasiya nthaka pambalambanda, ndipo mitsinje ngati Lisungwi imanyamula dothilo kukalitaya mu Shire. Si pachabe kuti ntchito ya Shire River Basin Management Programme, imene idayamba mu 2012, idasankha kumtunda kwa Lisungwi ndi kwa Wamkulumadzi ngati madera oyambirira kukonzedwa. Mzere wa m'madzi ungalonderedwe usana ndi usiku, koma matope safuna bwato kuti awoloke.

Malo otetezedwa achuluka ndithu

Mu Disembala 2022, ku Montreal m'dziko la Canada, mayiko adagwirizana kuti pofika 2030 magawo 30 pa 100 aliwonse a mtunda ndi madzi akhale otetezedwa, ndipo nyanja ndi mitsinje ya madzi opanda mchere zidawerengedwa momwemo. Tsidya lija, Mozambique idakhazikitsa kale mu 2011 malo otetezedwa mbali yake ya nyanja yomweyi, ku Niassa. Kuno, Chilwa ndi Elephant Marsh zili pa mndandanda wa madambo ofunikira padziko lonse wa Ramsar. M'madooko ambiri ma BVC adayamba kale kusankha malo oswanirana nsomba n'kuwatseka okha, mothandizidwa ndi mabungwe ngati Ripple Africa komanso ntchito za FISH ndi REFRESH. Choncho mizere ya m'madzi ichuluka, ifune isafune. Chotsala n'chakuti ajambule ndani, ndipo ajambule atamva ndani.

Mukamva kuti kukubwera msonkhano wounikira ndondomeko, kaya ya paki, kaya ya malamulo a BVC ya kwanu, musatumize mfumu ndi wapampando okha. Pakhale mlovi, pakhale siginala, pakhale mayi wa pathandala. Ndipo musapite ndi madandaulo a pakamwa pokha, chifukwa mawu a pakamwa amathera m'chipindamo. Kope la sitandade 5 ndi lokwanira: tsiku, malo, chida, zidebe zingati, mtundu wanji, maukonde angati alandidwa ndipo alandidwira pati. Akatswiri amabwera ndi ziwerengero zawo zochokera ku Monkey Bay, ndipo amamvetsera mosiyana akaona kuti inunso mwabwera ndi zanu.

Funsani kuti ndondomeko yapitayi idalonjeza chiyani ndipo chachitika n'chiti, musanalole kuti ayambe kuwerenga malonjezo atsopano. Funsani za zoyandama zosonyeza mamita 100: aika ndani, zikaduka ndi mwera akonza ndani, madzi akakwera zisunthidwa kapena ayi. Funsani za bwato limene lathawira kuseri kwa Domwe chifukwa cha mphepo, ngati limenelo ndi mlandu. Funsani za maukonde a monofilamenti ndi masikito: boma lidaletsa, koma wolangidwa amakhala wa bwato pomwe wogulitsa m'sitolo ali phee. Ndipo pemphani kuti chikalatacho, ngakhale masamba ake ofunikira okha, chimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, chikhomedwe pa dooko, ndipo tsiku lodzachiunikanso lilembedwe pa tsamba loyamba.